Mutu 6: Dasom Abwereketsa Mapazi

1. Sewero limene linapengetsa mzinda

Chaka chimenecho anthu a mu mzinda wa Suwon, kuno ku Korea, tinapenga ndi sewero lina la pa kanema. Nkhani yake inali ya mngelo amene anasuzumira kwambiri pansi pano poonerera mtsikana akuvina, mpaka anaterereka n'kugwa. Atagwa anayamba kumukonda mtsikanayo, ndipo akangomuganizira, nthenga imodzi inkathothoka paphiko lake. Zopanda mutu zenizeni. Komabe Loweruka ndi Lamlungu madzulo, mumsewu munkatsala amphaka okha.

Amake Dasom anali ndi kanyumba kogulitsiramo nkhuku yokazinga pafupi ndi chipata chakale cha mzinda. Kanema wawo anamuika pamwamba pa firiji. Sewero likayamba, nkhuku inkapserera m'mafuta, koma palibe kasitomala amene ankadandaula poti aliyense maso anali kumwamba.

Amene ankasewera ngati wovinayo anali mtsikana wotchuka, dzina lake Ra Yunseul. Amake Dasom ankamukonda ngati anamubala okha.

"Taonani miyendo ya Yunseul!" ankatero, uku akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Mwana wa eni ake kuvina ngati alibe mafupa."

"Amayi, si miyendo yake imeneyo," Dasom ankawauza. "Akaonetsa nkhope ndi Yunseul. Akaonetsa mapazi ndi munthu wina."

"Iwe nsanje basi. Tenga mbale izi upititse patebulo la pakona."

Dasom ankadziwa chimene ankanena. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ndipo kuyambira ali wamng'ono ankaphunzira bale, gule uja amavina ataima pansonga za zala. Masamba akafiira m'mitengo ankayenera kukayesedwa kuti alowe sukulu ya zaluso ya ku Seoul. Mayeso amenewo sabwera kawiri. Ukalephera umapita kusukulu wamba, nsapato zovinira n'kuzikoleka pamsomali. Nthawi imene nkhani iyi inkachitika, masamba anali atayamba kale kusintha.

Amake ankamukumbutsa pafupipafupi, makamaka akamakolopa atatseka.

"Ine za gule sindizidziwa, mwana wanga. Ndimadziwa nkhuku. Koma taona manja angawa mmene anapsera ndi mafuta. Ndinapsa kuti iwe usadzaime pamoto ngati ine. Chimene Aphunzitsi anena, uzichita chomwecho. Akati usadye, usadye. Akati ugone, ugone. Mayeso akatha uzidzachita zako."

2. Chenjezo la Aphunzitsi a Bong

Aphunzitsi a Bong anali mayi wachikulire, woonda, woyendera ndodo. Sukulu yawo inali kuseri kwa msewu womwewo, chipinda chimodzi chachikulu pamwamba pa sitolo ya mankhwala, chokhala ndi magalasi kukhoma ndi matabwa pansi. Iwonso ankagona komweko.

Mayiwa sankayang'ana mwana kumaso. Ukalowa n'kuwerama kuwapatsa moni, iwo maso ali kumapazi ako. Ana ankanong'onezana kuti mutakumana nawo kumsika iwe utavala jombo, angakudutse osakudziwa.

Dasom ankavina bwino kuposa anzake onse, koma ndodo inkamupeza tsiku lililonse. Phazi lake lamanzere linali ndi kakhalidwe. Likatopa linkapotokera mkati pozungulira.

"Lamanzere!" ankakuwa Aphunzitsi, uku akuligogoda ndi ndodo. "Phazi ili lili ndi mutu wakewake. Liuze kuti mwini wake ndiwe."

Tsiku lina, mayeso atayandikira, anauza ana onse kuti akhale pansi.

"Ndinena kamodzi, sindibwerezanso. Kuyambira lero mpaka mayeso atatha, pasapezeke wovina kunja kwa chipinda chino. Kaya ndi ukwati wa amalume anu, kaya ndi phwando la kusukulu, kaya wakuitanani ndani. Matabwa mwakhalirawa pansi pake pali mphako. Mukadumpha amatsika nanu pang'ono n'kukubwezani. Simenti ilibe chifundo chimenecho. Mwala ulibe. Mukadumpha pamwala, mphamvu yonse imabwerera m'fupa lanu.

"Chachiwiri ndi nsapato. Yatsopano imabwera youma ngati chikuni. Umayamba waipana pachitseko, waimenyetsa pansi, waipala kunsi ndi mpeni kuti isaterere. Zingwe zake umasoka wekha, pamalo pamene phazi lako likufuna. Ukatero ndiye kuti nsapatoyo yaphunzira phazi lako. Ya mnzako inaphunzira phazi la mnzako. Yatsopano sinaphunzire la munthu aliyense. Musadzaime pa zala mu nsapato imene simunaikonze nokha, ngakhale akunyengerereni bwanji.

"Chomaliza n'chovuta. Makolo anu anakuphunzitsani kuti wamkulu akalankhula, mwana amawerama n'kunena kuti inde. Anachita bwino, inenso ndimakondwera mukatero. Koma taonani ndodo iyi. Ndili mtsikana, bwana wina anatiuza kuti tikavine pabwalo la ndege polandira alendo, pasimenti, kunja kukuzizira. Ndinawerama, ndinati inde. Alendo anaomba m'manja n'kukwera basi yawo. Bwanayo kuchipatala sanabwere. Akanabwereranji, mapazi ake onse awiri ali bwinobwino? Ana inu, wokutumani sadzatsimphina nanu. Ikafika nkhani ya mapazi anu, phunzirani kuwerama n'kunena kuti ayi. Mwamva?"

"Inde, Aphunzitsi!" anayankha onse pamodzi.

Mayiwo anangopukusa mutu n'kuwauza kuti azipita.

3. Mikate ya Achemwali a Chorong

Lachisanu lotsatira, Dasom potsika masitepe anapeza mtsikana wa jekete lalitali lakuda akumudikira pakhomo la sitolo ya mankhwala. Anali Chorong, amene anaphunzira kwa Aphunzitsi a Bong zaka zapitazo. Kuvina anasiya, ndipo tsopano ankagwira ntchito ndi anthu ojambula sewero la mngelo lija. Ntchito yake inali kuphunzitsa Yunseul kakwezedwe ka manja kuti azioneka ngati wovina.

"Dasom! Iwe, watalika liti chonchi? Tiye ndikakugulire chakudya, waonda ngati gogo wokuphunzitsa uja."

Dasom anawerama. "Achemwali, ndikufunika kukathandiza amayi."

"Nkhuku sizithawa, zinafa kale. Tiye."

Anakakhala pa kabenchi ka mayi wogulitsa mikate ya mpunga yophikira mu tsabola. Chorong anaitanitsa mbale yodzaza, anaonjezera mazira, ndipo anadikira mpaka Dasom atadya theka.

"Mapazi a Yunseul atithawa," anatero.

"Athawa bwanji, achemwali?"

"Mtsikana amene amavina m'malo mwake wasiya ntchito. Gawo la Lamlungu lino sitinamalize. Ntchito yathu ndi yotero, timajambula lero, mawa anthu akuonera. Abwana akufuna munthu mawa m'mawa, wa miyendo yofanana ndi ya Yunseul. Ine ndinangoti, musavutike, ndili naye mng'ono wanga."

"Wasiya chifukwa chiyani?"

"Idya, zikuzizira."

Dasom anaika timitengo todyera pambale. "Aphunzitsi anatiletsa kuvina kunja mpaka mayeso atatha."

"Aaa, za bwalo la ndege zija akuzinenabe? Ifenso tinazimva mpaka kuziloweza. Tamvera. Nkhope yako saionetsa. Dzina lako salilemba. Ndi mapazi okha, kuyambira m'mawondo kutsika. Gogoyo kanema saonera n'komwe. Adziwa bwanji?"



Chorong anasiya kuseka. "Anakuphunzitsa kusoka zingwe za nsapato zako zoyamba ndani? Tsiku limene unkalira kuseri kwa chitseko, anakupukuta mamina ndani? Ine ndawauza kale abwana. Ukufuna ndikaime pamaso pawo ngati wabodza? Ntchito imeneyi ndinaipeza movutikira, Dasom."

Kwathu kuno amene anakutsogolera pasukulu amakhala mkulu wako moyo wonse, ndipo ukadya zimene wakugulira, pakamwa pamalemera. Koma tisamukankhire Chorong zonse. Dasom nayenso ankafuna kumuona mngeloyo ndi maso, komanso zinamukomera kumva kuti miyendo yake ikufanana ndi ya Yunseul.

"Inde, achemwali," anatero.

Kunyumba anakanena kuti Loweruka akakhala tsiku lonse kwa Aphunzitsi kukonzekera mayeso. Amake anamulongedzera kamba wa mpunga ndi mazira n'kumuyamikira chifukwa cholimbikira.

4. Nsapato za mngelo

Ankajambulira m'nyumba ya maukwati kunja kwa mzinda. Holo yake inali yaikulu, ndipo pansi pake panali mwala woyera, wopukutidwa mpaka munthu n'kumadziona. Dasom atangolowa anaugogoda ndi chidendene. Unali wolimba gwa.

Dasom anamupeza mngelo uja pakona. Anali atakhala pa bokosi, atafunda jekete, akumwa supu wa m'kapu n'kumadandaula msana. Mapiko ake anali atawakoleka pachitsulo chokolekapo zovala. Yunseul anali mtulo pampando, pakamwa yasa, wina akumupenta kumaso. Palibe amene anamufunsa Dasom dzina.

Dasom anakhala pafupi ndi mapikowo, pamene mayi wina wachikulire ankamata nthenga zothothoka ndi guluu. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe wabwera m'malo mwa uja?" anafunsa, osakweza mawu. "Mnzako anachoka pano akukoka mwendo. Ine sindinanene kanthu, ndine wa nthenga chabe. Koma ukanakhala mdzukulu wanga, bwenzi ndikukuuza kuti basi imadutsa pamsewupo."

Dasom anawerama kuthokoza, koma sananyamuke. Anadikira m'mawa wonse, anadya kamba wa amake, anadikiranso. Dzuwa litapendeka, a Tak, mkulu wotsogolera sewerolo, bambo wa maso ofiira ndi tulo, anakuwa.

"Mapazi afika?"

"Afika, bwana!" anayankha Chorong, n'kumukankhira Dasom kutsogolo.

Dasom anatulutsa nsapato zake m'chikwama. Zinali zakale, zothimbirira, zofewa bwino. Mayi woyang'anira zovala anazinyamula ndi zala ziwiri.

"Izi ndiye chiyani? Mngelo angapatse munthu zigamba zokolopera? Sabata yatha dziko lonse linaona mngelo akumupatsa Yunseul nsapato zoyera za mikanda. Ndi izi. Vala."

Zinali zokongola, palibe angatsutse. Zinalinso zatsopano, zouma, kunsi kwake kosalala. Anazigula poyeza phazi la Yunseul, lomwe linali lalikulu kuposa la Dasom, ndipo zingwe anazisokera kumbuyo kwambiri kuti zizioneka bwino pa kanema.

"Zandikulira, mayi," anatero Dasom motsitsa mawu.

"Tiika mapepala kunsongako."

"Mundilole ndizimenyetseko pansi kuti zifewe."

"Iwe! Mikanda imeneyi ndasoka ndekha umodziumodzi. Ungoyerekeza."

Dasom anatulutsa kathumba ka utomoni umene ovina amapondapo kuti asaterere. Bambo wina wolondera nyumbayo anathamanga n'kumugwira dzanja. Eni ake analetsa chilichonse chodetsa mwala, poti mawa lake munali ukwati.

Dasom anayang'ana Chorong. Chorong maso anali pafoni.

A Tak anayandikira. Ogwira makamera, oyatsa magetsi, onyamula zingwe, onsewo anali akuluakulu, otopa, ndipo ankadikira mwana mmodzi.

"Pali vuto, mwana iwe?" anafunsa a Tak. Sanafunse mwaukali ayi. "Ngati lilipo unene, nthawi yatithera."

Malo a ayi uja anali amenewa. Nsapato zake zinali pomwepo pampando, chitseko chinali chotsegula, ndipo munthu anali atamufunsa. Dasom anawerama.

"Palibe vuto, bwana."

5. Nthenga

Nyimbo inayamba. Kamera anaitsitsa mpaka pansi. Dasom anakwera pa zala n'kuyamba kuvina, ndipo anavina bwino ngakhale kuti phazi linkasewera mkati mwa nsapato. Onyamula zingwe aja anasiya kunong'ona.

"Bwerezanso," anatero a Tak.

Anabwereza. Magetsi sanawale bwino. Anabwerezanso. Wina anayetsemula. Anabwerezanso. Mapepala aja ananyowa ndi thukuta n'kuundana kunsonga, ndipo zala zinachita dzanzi.

"Zili bwino. Tsopano chomaliza, cha nthenga chija."

Za nthenga palibe amene anamuuza. Anthu awiri anakwera pamakwerero atanyamula matumba, wina anayatsa fani yaikulu, ndipo nthenga zoyera zinayamba kugwa paliponse. Zikatera pamwala woyera sizinkaoneka n'komwe.

"Uzungulire mpaka nditanena kuti basi!"

Dasom anazungulira, anazunguliranso. Phazi lamanzere linali litatopa, ndipo linachita kakhalidwe kake kaja, linapotokera mkati. Nsonga ya nsapato inatera pa nthenga. Nsapato inapita kwake, phazi kwake. Anamva kuti thyo! m'kakolo, n'kugwa chammbali. Ululu wake unamubanikitsa moti analephera ngakhale kulira.

"Basi!" anakuwa a Tak, maso ali pa kagalasi kawo koonerapo zojambulidwa osati pa mwanayo. "Eya! Mwakuona kugwa kumeneko? Tikanavutika nako mpaka madzulo. Tiika komweku. Mapazi achoke, nkhope ilowe!"

Anthu awiri anamunyamula Dasom n'kumukhazika pambali. Kenako anakadzutsa Yunseul, anamugoneka pamalo pomwe Dasom anagwera, anamuthira timadzi m'maso. Ena anamuveka mngelo mapiko ake. Mngeloyo anathamanga, anagwada, n'kumunyamula Yunseul nthenga zikugwabe. Zinali zogwira mtima ndithu.

Mayi wa zovala anabwera kudzavula nsapato. Anayang'ana mikanda, anapeza yonse ilipo, mtima wake unakhala pansi.

Chorong anabwera ndi kapepala komata ka mankhwala.

"Wangobinya pang'ono. Ukagona udzuka uli bwino. Usauze munthu, wamva? Zikamveka kuti mwana wavulala pano, woyamba kuchotsedwa ntchito ndine."

Anamukweza takisi n'kuthamangira mkati, poti anali akumuitana.

6. Lamlungu madzulo

Dasom anagona, anadzuka, phazi silinali bwino. Linatupa mpaka kakolo anakwiririka. Anavala sokosi yaubweya ndi thalauza lalitali, ndipo anauza amake kuti miyendo yangotopa ndi kuvina. Mayiwo akakhala pafupi, iye sankayenda. Tsiku lonse anakhala kuseri kwa kauntala akupinda mabokosi a nkhuku. Ankachita mantha, koma ankayembekezabe kuti mwina pofika mawa kutupako kuchepa.

Madzulo kanyumba kanadzaza ngati mwa masiku onse. Sewero linayamba, nkhuku inayamba kupserera.

Lili mkati, nyimbo ija inamveka. Pa kanema panaoneka nkhope ya Yunseul, kenako nsapato zoyera za mikanda. Mapazi anakwera pa zala. Nthenga zinkagwa. Anthu anasiya kutafuna.

"Dasom, dzutsa mutu uone!" anakuwa amake. "Kuvina ndi kumeneko. Iwe zaka zonsezi ndikukuperekeza kwa Aphunzitsi, unayamba wazungulirapo chonchi? Uphunzireko!"

Makasitomala anaseka. Dasom anayang'ana, ndipo kwa kanthawi ananyada, chifukwa mapaziwo ankavinadi bwino. Kenako anagwa. Kugwako anakuonetsa pang'onopang'ono, n'kukubwerezanso.

"Mayo ine! Mwana wa eni ake!" analira amake Dasom, atagwira pachifuwa.

"Musalire, mayi, ndi sewero," anatero bambo wina woyendetsa takisi, fupa lili m'manja. "Anthu amenewa amagwera pamatiresi. Kamera ndi yabodza."

"Ndikudziwa, koma zikundipweteka. Dasom, tenga mbale iyi upititse kwa abambowa."

"Ndikubwera, amayi."

Anagwira kauntala kuti aime. Sanaime. Mwamwayi mngelo anali atayamba kulira pa kanema, ndipo amake anaiwala za mbale.

Sewero litatsala pang'ono kutha, panja panamveka go, go, go, ndodo ikugunda pansi. Chitseko chinatseguka. Aphunzitsi a Bong, amene sankadya zokazinga ndipo anali asanapondemo m'kanyumbamo, analowa atavala patapata za m'nyumba.

"Aphunzitsi! Takulandirani, khalani apa," anatero amake Dasom, akuwerama n'kupukuta mpando.

"Sindikhala, amake Dasom. Ndinatsika kukagula mankhwala a msana, ndapeza wa sitolo uja akuonera za mngelozi. Ine kanema sindionera. Koma phazi lamanzere lija ndakhala ndikulikalipira kuyambira mwini wake ali kamwana kosadziwa kumanga zingwe. Likatopa limapotokera mkati. Mu Korea muno lilimo limodzi."

"Phazi la ndani, Aphunzitsi?"

Aphunzitsi anazungulira kauntala n'kuloza ndi ndodo.

"Vula sokosi."

Dasom sanasunthe. Amake ndi amene anagwada n'kuikoka pang'onopang'ono. Phazi linali lotupa, lakuda ngati biringanya. Mayiwo analiyang'ana, anayang'ana kanema, analiyang'ananso. Bambo wa takisi uja anaika fupa lake pambale.

"Ndiwe?" anafunsa mayiwo. "Amene wagwa uja ndiwe? Ine kumalirira mwana wa eni ake, wanga ali kuseri kuno?"

"Pepani, amayi," anatero Dasom, ndipo apa m'pamene analira.

"Nsapato zinali za ndani?" anafunsa Aphunzitsi.

"Zawo."

"Pansi?"

"Mwala."

"Anakufunsa?"

"Anandifunsa ngati pali vuto."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati palibe."

Aphunzitsi anatsamira ndodo yawo ndi manja awiri.

"Amene anakutenga sindikufunsa, ndikumudziwa, ndipo ndionana naye. Koma si iye amene anayankha. Anthu aja mawa apeza mapazi ena. Mu Seoul muli atsikana ambirimbiri a miyendo yofanana ndi yako, ndipo onse amadziwa kuwerama. Sewero lipitirira, mngelo azithothokabe nthenga, anthu azilirabe. Nanga iwe, lamanzere lina ukalipeza kuti?"

Pa kanema anali atayamba kulemba mayina a onse amene anagwira ntchito m'gawolo. Analemba a Tak, analemba Yunseul, analemba mpaka kampani imene inapereka nthenga. Amake Dasom sanaoneko. Anali atagwira mkono wa Aphunzitsi.

"Nanga mayeso? Aphunzitsi, mayeso aja? Lichira tsikulo lisanafike?"

Aphunzitsi a Bong anachotsa maso paphazi, anadzutsa mutu, n'kumuyang'ana Dasom kumaso. Zaka zonsezi anali asanachitepo zimenezo, ndipo Dasom anachita mantha kuposa pamene ankagwa.

"Muberekeni," anatero Aphunzitsi. "Zimenezo akatiuza ndi adokotala."

Bambo wa takisi anatulutsa makiyi. Amake Dasom anazimitsa moto, anagwada, n'kumubereka mwana wawo wamtali uja. Potuluka phazi lamanzere linkalendewera, ndipo Aphunzitsi analichirikiza ndi dzanja kuti lisagunde chitseko.